Tsiku Limene Tupa la Agogo Linalowa M'kalasi

Mpaka lero ndikamadutsa pamjigo pali amayi ena amene amandipatsa moni mwaulemu, kenako n'kundifunsa ngati ndili ndi nkhani ina yoti ana awo akawawerengere kunyumba. Pofunsapo nkhope zawo zimakhala ngati za anthu amene ali pamsonkhano wa makolo. Amadikira kaye kuti ndipitirire, ndiye kuseka kumayambira kumbuyo kwanga. Ine sindicheuka. Zimenezi ndinaziputa ndekha, ndi choko changa chomwe, komanso ndi cholinga chabwino kwambiri.

Ndimaphunzitsa Chichewa sitandade sikisi pasukulu ina kufupi ndi Ngabu. Ndimakhala ndi agogo anga, amene ananditenga ndisanayambe n'kuyenda komwe, makolo anga atamwalira motsatizana. Agogo si munthu wolankhula zambiri. Ndili wamng'ono ndikawapempha nthano ankandiuza kuti ndikaone ngati mbuzi zalowa m'khola. Anandilera ndi thobwa wogulitsa pamsewu ndi kamunda ka mapira, ndipo m'nyumba mwathu tsiku linkatha kudutsa titangolankhulana za mchere basi. M'nyumba ya anthu awiri osalankhula, maso ndiwo amagwira ntchito. Ndinakula ndikudziwa kuti agogo akwiya poona mmene aikira chidebe pansi. (Luso limeneli ndinkanyadira nalo. Muona kumene linandifikitsa.)

Loweruka lina ife aphunzitsi a m'dera lathu tinaitanidwa kuti tikaphunzire njira zophunzitsira kuwerenga. Mlangizi wake, mayi wina wa mawu ofatsa, anatiuza mosabisa kuti mafunso athu ndi aulesi. Timangofunsa kuti ndani, kuti, liti, ndipo mwana amaika chala pamzere n'kuyankha mutu uli kumunda. Anati pokonzekera phunziro tizikonza mafunso ngati makwerero. Tiyambe ndi zimene zalembedwa, tikwere ku zimene wolemba wabisa, timufunse mwana umboni wa yankho lake, ndipo pomaliza tifunse kuti munthu wa m'nkhaniyo achite chiyani. Anawonjezera kuti nkhaniyo ikhale yapafupi ndi moyo wa ana, ndiponso kuti makolo azitengako mbali. Anzanga anali kudzikupiza ndi makope chifukwa cha kutentha. Ine ndinamva mawu alionse, ndipo ndinabwerera kunyumba mtima ukundiuza kuti tsopano ndikhala mphunzitsi weniweni.

Vuto linali nkhani. Za m'buku lathu zinali za malo amene ana anga sanafikeko, komanso mabukuwo ndi ochepa, moti buku limodzi limazunguliridwa ndi mitu yambiri. Ndinaganiza zolemba yanga. Ndinkafuna nkhani imene munthu akuchita chinthu china koma mumtima ali ndi china, kuti ana akumbe okha. Ndinakhala pakhonde cholembera chili m'manja, ndipo sindinafunefune nthawi yaitali, chifukwa nkhaniyo inalowa yokha pabwalo pathu itakwera njinga.

Anali a Zuze. A Zuze ndi mlimi wa thonje, bambo wamtali woonda, amene akazi awo anamwalira kalekale. Makolo awo anachokera kutsidya, ku Mozambiki, ndipo Chichewa chawo chimayenda ndi Chisena m'kati. Pafupipafupi, dzuwa likapendeka, ankabwera kwathu khasu atalimanga panjinga kudzabwereka tupa lonolera. Njingayo inalibe mabuleki, ndiye ankaiimitsa ndi chidendene, fumbi n'kuti koboo. Tupalo sankapita nalo kwawo. Ankakhala pansi pa mtengo wa nimu n'kumanola pang'onopang'ono, agogo ali chapafupi kupeta mapira. Ankacheza za mvula, za mbozi za m'thonje, za mawondo. Agogo ankatulutsa thobwa m'kapu n'kunena kuti ndi wotsala, bola amwedwe kusiyana n'kutaya. A Zuze ankamwa, n'kuwomba m'manja kuti "takhuta", monga amathokozera anzathu Achisena, n'kumapita. Khasu lawo linali litapyapyala ngati tsamba.

Ine ndinkaganiza kuti zimenezi ndikuziona ndekha m'mudzi monse. Apa ndi pamene panali uchitsiru wanga woyamba.

Ndinalemba nkhaniyo bwinobwino. A Zuze ndinawapatsa dzina lakuti bambo Kachingwe, agogo ndinangowatchula kuti mayi wina wokalamba, ndipo mudzi ndinauika kutali, kuseri kwa phiri. Ndinadziona wochenjera. Koma chifukwa mlangizi anati ana azipeza umboni m'nkhani, ndinasiyamo zonse: njinga yopanda mabuleki, mtengo wa nimu, thobwa wotsala, khasu lopyapyala. Chikonzekero cha phunzirolo ndinachilemba mosamala kuposa china chilichonse chimene ndinalembapo. Ndinalemba ngakhale pamene ndidzaime chete kuti ana aganize. Pofuna kuti nthawi isatayike, m'mawa ndinalawirira kusukulu, n'kulemba nkhani yonse pabolodi, ndipo pakona ndinalemberatu ntchito yokachitira kunyumba. Ana atalowa ndinawauza kuti akopere zonse m'makope mwawo tisanayambe. Anakopera. (Pokopera ena anali kugwedezana ndi zigongono. Ine ndinati nkhani yawakomera.)

Mafunso oyamba anayenda ngati madzi. Amabwereka chiyani bambo Kachingwe? Tupa. Amakhala pati? Pansi pa nimu. Manja anali m'mwamba kalasi yonse. Kenako ndinakwera pa funso limene ndinkalikonda. Ndinafunsa kuti n'chifukwa chiyani bambo Kachingwe amanolera khasu pomwepo, osatenga tupalo kukanolera kwawo.

Kunagwa chete. Mlangizi anatiuza kuti chete wotere tisamuope, ndi ubongo ukugwira ntchito. Ndinaima nditapinda manja, malata akulira ndi dzuwa pamwamba pathu, ndikumva kukoma. Mnyamata wina anati mwina akuopa kutaya tupa la eni. Wina anati akufuna thobwa waulere. Ndinawayamikira onse ndi kunena kuti tikumbe mozamirapo. Pamenepo mtsikana wina wakumbuyo, Esinati, anakweza dzanja. Esinati sankalankhula m'kalasi. Ankangokhala phee n'kumayang'ana, ndipo ine ndinkamukonda mobisa chifukwa ndinkadziona ndekha mwa iye. Ndinati njira yatsopanoyi yatsegula pakamwa ngakhale pa Esinati.

Anaimirira n'kunena motsitsa mawu kuti bamboyo sakufuna tupa, akufuna mayiyo.

Kalasi inachita phokoso lapansipansi. Ine ndinayang'ana pa chikonzekero changa, ndipo mzere wotsatira unali woonekeratu. Ndinafunsa monyadira kuti, "Umboni wako uli pati, Esinati?"

"Tupa ali nalo lawo, madamu. Analisomeka kudenga."

Ndinamuuza mofatsa kuti zimenezo nkhani yathu sikunena.

"Nkhaniyo sikunena, madamu, koma ine ndimakhala nawo."

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira. Esinati ndi mwana wa mwana wawo wamkazi wa a Zuze. Ine, munthu woona zonse, wodziwa mkwiyo wa agogo pa kaikidwe ka chidebe, ndinali nditaiwala kuti mdzukulu wa bambo Kachingwe amakhala pabenchi yakumbuyo m'kalasi mwanga.

Zitatero umboni unayamba kugwa ngati masawu mtengo ukagwedezeka. Wina anati njinga yoimitsa ndi chidendene m'mudzi muno ndi imodzi. Wina anati nimu wa m'nkhaniyo ndi uja wa kwa madamu, pakuti ndi pamene pali thobwa. Mtsikana wina anadandaula kuti wolemba waiwala mfundo yofunika, yakuti bamboyo popita kukanola khasu amavala malaya a kutchalitchi. Ana amene chaka chonse ndinkawachonderera kuti ayankhe m'chiganizo chathunthu anali kulankhula ndime zathunthu, n'kumatsutsana, n'kumaloza pabolodi. Zonse zimene mlangizi analonjeza zinachitika pamaso panga, ndipo ine ndinkafuna nthaka itseguke.

Ndinamenya tebulo ndi dasitala n'kunena kuti nkhaniyi ndi yopeka, anthu ake kulibe. Ndiye mnyamata wina wa kutsogolo, waulemu wake, anakweza dzanja.

"Madamu, mwati tisavomere chinthu popanda umboni. Umboni woti ndi yopeka uli pati?"

Chitsulo chinalira ndisanapeze yankho. Ndikutolera mabuku maso anga anagwera pakona ya bolodi, pa ntchito ija ndinalemberatu m'mawa. Inati: kawerengereni makolo anu nkhaniyi, ndipo muwafunse kuti bambo Kachingwe achite chiyani. Ndinaifufuta msangamsanga ndi kulengeza kuti ntchitoyo asakachite, yalephereka. (Amene munaphunzitsapo mukudziwa. Ukafuna kuti mwana achite ntchito, muuze kuti asachite.) Aka kanali koyamba chiyambire uphunzitsi wanga kuti kalasi yonse ichite ntchito yokachitira kunyumba, ndi aja omwe amati kope linanyowa ndi mvula m'mwezi wopanda mtambo.

Pofika mawa lake nkhani inali itawerengedwa pakhomo lililonse. Makolo osadziwa kuwerenga anaimva kuchokera kwa ana awo, ndipo ena anapempha kuti ibwerezedwe. Aphunzitsi aakulu anandiitana n'kundiyamikira kuti sanaonepo makolo akutenga mbali chotere, kenako anatembenukira kuwindo mapewa akugwedezeka. Mayi wina wa kutchalitchi ndiye anandikokera pambali n'kundiuza chimene sindinkachidziwa. Anati za a Zuze ndi agogo aliyense ankazidziwa kalekale, ndi ana omwe. Kungoti palibe ankazitchula. Anthu akuluakulu akapeza kamthunzi kawo, mudzi umayang'ana kwina kuti akhalemo mwamtendere. Ine ndinatenga chinthu chimene mudzi wonse unkachisunga n'kuchilemba pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu.

A Zuze anasiya kubwera. Ndinamva kuti atapita ku Ngabu kukagula mankhwala a thonje, anyamata a kabaza anawakuwiza kuti bambo Kachingwe, n'kuwafunsa ngati khasu lakuthwa. Anabwerera osagula kanthu. Kutchalitchi anayamba kukhala kumbuyo n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Agogo sananene kanthu, ndipo zimenezi ndi zimene zinandipweteka. Akanandikalipira bwenzi nditapepukidwa. Anapitiriza kusesa pansi pa nimu madzulo alionse. Thobwa ankatsalabe, ndipo ankamuthira m'kapu ija, kapu n'kukhala pakhonde mpaka ntchentche zitaipeza. Njinga ikamveka pamsewu manja awo ankaima pa lichero, ikadutsa n'kupitiriza kupeta. Ine ndinkaona zonsezi (nanga ndikanaleka bwanji). Mayi ameneyu anandibereka kumsana ali ndi zaka zoti azipuma. Moyo wake wonse unathera pa ine, pa yunifolomu yanga, pa malungo anga. Kanthu kamodzi kokha kamene kanali kawokawo, kosakhudza ine, kanali kucheza kuja kwa pansi pa mtengo. Ndipo ine ndinakasandutsa phunziro la kuwerenga.

Madzulo ena ndikuchonga makope pakhonde, agogo anaika lichero pansi n'kunena osandiyang'ana kuti, "Aphunzitsi, tandiwerengereniko. Mudzi wonse wamva, mwini wake yekha ayi."

Akanditchula kuti aphunzitsi ndimadziwa kuti zinthu sizili bwino. Ndinatenga kope la mwana wina n'kuyamba kuwerenga. Sindinapite patali. Nditangofika pa mayi wina wokalamba anandiimitsa ndi dzanja.

"Wokalamba ndani?"

Ndinati ndi mawu chabe a m'nkhani. Anati ngati ndi mawu chabe bwenzi nditasankha ena, chifukwa mawu alipo ambiri ndipo ine ndinapita kusukulu. Ndinapitiriza. Pa njinga yopanda mabuleki anaseka pang'ono kudzera m'mphuno. Pa khasu lopyapyala anagwedeza mutu. Nditamaliza anayang'ana zala zawo. Ine ndinayamba kupepesa, koma anandidula. Anandifunsa ngati chibadwire changa ndinawaonapo iwo akunola khasu ndi tupa. Ndinaganiza. Agogo amanolera pamwala umene uli kuseri kwa khola, kuyambira kale.

"Tsiku loyamba atabwera kudzafunsa, tupalo ndinalibe," anatero. "Anachita manyazi, anaima ngati munthu wasochera. Mawa lake ndinapita ku Ngabu kukagula. Zimenezo sunalembe, chifukwa sunazione. Umayesa umaona zonse iwe."

Anatenganso lichero lawo, ndipo akupeta ananena ngati akuuza mapirawo kuti iwo kusekedwa anakuzolowera, wogulitsa thobwa pamsewu samva kuseka kwa anthu. Koma munthu uja ndi wamanyazi, ndipo ine ndamuvula pagulu.

M'mawa mwake kunalibe sukulu. Ndinamanga chitenje n'kupita kumunda kwa a Zuze. Ndinawapeza akutola thonje, thumba lili m'chiuno. Atandiona anaima, ndipo ndinaona kuti akufuna kolowera koma m'munda wa thonje mulibe pobisala munthu wamtali. Ndinagwada pakati pa mizere n'kuwomba m'manja. Mawu amene ndinakonza panjira anathawa onse, moti ndinangoti ndalakwa, ndinafuna kuphunzitsa ana kuganiza koma ine mwini sindinaganize. Anandisiya ndigwade pang'ono, kenako anati ndidzuke, dothi likutentha, ndipsa mawondo.

Tinaima choncho. Iwo ankatola thonje limodzilimodzi n'kumaliyang'anitsitsa ngati sanalionepo. Anati pa msinkhu wawo sankayembekeza kulowa sitandade sikisi. Ndinaganiza kuti akuseka, koma nkhope inali yosasintha. Kenako, osatembenuka, anafunsa kuti, "Nanga anthuwo anayankha zotani? Bambo ameneyo akuti achite chiyani?"

Ndinawauza zoona, pakuti mayankhowo ndinali nditawawerenga onse. Makolo ena anati atumize ankhoswe, asamataye nthawi. Ena anati pa ukalamba wotere angokhala, zaukwati n'za ana. Bambo wina anauza mwana wake kuti choyamba agule khasu lina, chifukwa limenelo latha. Apa pakamwa pa a Zuze panagwedezeka. Anafunsa kuti nanga Esinati analemba chiyani, popeza iwo sanamulole kuti awawerengere. Ndinati Esinati analemba yankho lakelake, mzere umodzi wokha: apite opanda khasu.

A Zuze anati mwana ameneyo watengera agogo ake aakazi, malemu, amenenso sankadziwa kuzungulira. Kenako anati amva, ndizipita dzuwa lisanakule. Sanandiuze ngati andikhululukira, ndipo ine sindinayerekeze kufunsa funso lina lozama.

Masiku anapita popanda chilichonse. Ndinayamba kuvomereza kuti ndinaononga chinthu chosakonzeka. Ndiye Lamulungu lina madzulo tili pakhonde, tinamva chidendene chikukhukhuluzika pamsewu. Fumbi litatsika, a Zuze anali ataima pafupi ndi nimu, atavala malaya aja, chipewa chili m'manja. Panjinga panalibe kanthu. Anthu awiri amene ankadutsa pamsewu anayamba mwadzidzidzi kuyang'ana mitambo.

Agogo sanadzuke. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anayang'ana njingayo.

"Lero mwadzabwereka chiyani?"

"Nkhabe," anatero a Zuze, Chichewa chitawathawa. "Palibe, mayi."

"Ndiye mwaimiranji? Mpando suli apowo?"

Ine ndinatola makope anga n'kunena kuti ndaiwala kanthu kusukulu. Palibe anandifunsa kuti kanthu kanji Lamulungu. Ndinakakhala ndekha pakhonde la kalasi yokhoma mpaka dzuwa litafiira, ndipo zimene anakambirana tsiku limenelo sindizidziwa.

Musafulumire, sanakwatirane. A Zuze amabwera, amakhala, amamwa thobwa amene tsopano agogo anasiya kumutcha wotsala. Anyamata a kabaza anatopa nayo nkhaniyo atapeza ina. Esinati amakweza dzanja pafupifupi phunziro lililonse, ndipo ine ndisanamuloze ndimayamba ndapuma kaye.

Mafunso ozama sindinawasiye, chifukwa ndinaona ndi maso anga kuti amagwira ntchito, mwina mopitirira. Chimene ndinasintha n'chakuti nkhani iliyonse imene ndalemba ndimayamba ndawawerengera agogo isanafike pabolodi, kuti andiuze ngati muli munthu wodziwika. Ndinkayesa kuti pamenepa ndapeza chitetezo. Koma posachedwapa nditawawerengera ina ya msodzi wa kutali, anati ndi yozizira, ana agona nayo. Anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. Anati bwanji ndilembe ya mayi wina amene mbuzi zake zimadya mapira a mnzake chaka ndi chaka, iye n'kumati si zake, ndipo ana akafunse makolo awo kuti mayi ameneyo achite chiyani. Analoza ndi mlomo nyumba ya kuseri kwathu.

Ndinawauza kuti ayi, agogo, ine ndinaphunzirapo kanthu. Anangoti chabwino, n'kupitiriza kupeta. Koma kunena zoona mbuzizo ndimaziona ndithu, ndipo ndime yoyamba yatuluka bwino kwambiri.